Mkangano Wathu wa Chisoti

M'ma 1980: ku boma la Chongwe

Inu ana anga mumandidziwa ngati munthu amene anapuma ntchito ali wosunga katundu, ndipo mumayesa kuti moyo wanga wonse unathera pa matumba a feteleza. Si choncho ayi. Mukamva anthu a imvi pamsika wa Chongwe akundiitana kuti Ba Sinema, musamaganize kuti akundinyoza. Ntchito yanga yoyamba inali ya pakamwa, ndipo ndiyo ndinaikonda kuposa zonse zimene ndinagwirapo.

Ndinachoka kwathu ku Katete ndi kasutikesi ka malata ndi Chingerezi cha kusekondale chimene ndinkanyada nacho kuposa muyeso. Bungwe lina lophunzitsa alimi linali ndi galimoto ya kanema yoyendayenda m'midzi. M'galimotomo munali jenereta, makina oonetsera, chinsalu choyera ndi chimkuzamawu chomangirira padenga. Mafilimu onse anali a Chingerezi, choncho pankafunika munthu woima pambali ndi maikolofoni n'kumauza anthu m'chinenero chawo zimene zikuchitika. Munthuyo ndinali ine. Bwana wanga woyamba anali a Zimba, bambo wamfupi wa mawu ochepa, amene ankapukuta nsapato ndi mpango asanalowe mu ofesi ngakhale kunja kulibe fumbi. Tsiku loyamba anandiuza lamulo limodzi lokha, lakuti womasulira amathira mchere koma sasintha ndiwo. Ndinali womasuka kuseketsa anthu, kupatsa azungu a m'filimu mayina a kwathu, ngakhale kuwalankhulitsa miyambi. Koma chimene chachitika pachinsalu ndinayenera kuchinena mmene chachitikira, chifukwa anthu akadzagwira pakamwa panga bodza pa filimu yosangalatsa, sadzandikhulupiriranso pa filimu ya mankhwala a ng'ombe.

Dalaivala wathu anali Ba Eliya, mwana wa m'dera lomwelo, wamtali, wokonda kuseka ndi kutsutsa. Anandiposa zaka zingapo, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankanditcha mlendo wodya mbewa. Ine ndinkawabwezera kuti galimoto amaidziwa kuposa akazi awo. Tinkanyamuka masana, kufika pasukulu kapena patchalitchi dzuwa lisanalowe, n'kumangirira chinsalu pakati pa mitengo iwiri.

Vuto linali lakuti anthu sankabwera. Ndani angasiye mphasa yake kukaonera mzungu akusambitsa ng'ombe m'dibi? A Zimba anaganiza mwanzeru, nabwereka ku Lusaka filimu ya nthano za mumlengalenga, ya zigawo zitatu, kuti tiziionetsa maphunziro akatha. Sipanapite nthawi, kampani yobwereketsayo inatseka, ndipo palibe anabwera kudzatenga mipukutu yake. Inakhala yathu. Dzina lake lenileni palibe ankalisamala. Inali nkhani ya anthu amene dziko lawo linauma, nakwera chombo kukafuna malo ena pakati pa nyenyezi. Woyendetsa chombocho anali mnyamata wovala chipewa chachikulu chachitsulo, ndipo ine ndinamutcha Chisoti. Dzinalo linamera mizu, moti filimu yonse inangotchedwa ya Chisoti.

Mapeto a chigawo chachitatu ndiwo anabala mkangano umene ndikufuna kukuuzani. Chombo chinatera padziko la mchenga wofiira, ndipo kuti chinyamukenso panafunika munthu mmodzi atsale pansi kugwira makina ochikankha. Chisoti anapereka chiwongolero kwa mnzake natsala. Chithunzi chomaliza chinali cha chombo chikukwera, pansi pakuoneka kanyali kake kakuchepa mpaka kungotsala kadontho. Ine monga munthu wophunzira ndinati munthuyo anafa, popeza kunalibe madzi kapena mthunzi. Ba Eliya anakana kwamtuwagalu.

"Ba Mbewe, nyali ija munaiona yazima?" anandifunsa tikumanga katundu. "Dalaivala wazoona sangasale pamalo alibe pulani. Uja ali moyo, alindila chabe."

Ndinawaseka. Sindinadziwe kuti tidzakangana nkhani imeneyi mpaka tonse kumera imvi.

Kumapeto kwa m'ma 1980 ndi m'ma 1990: Palabana ndi Kanakantapa

Atatisamutsira ku Palabana zinthu zinali zitayamba kuvuta m'dziko. Mafuta a galimoto ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo masiku ena tinkanyamula jenereta pangolo ya ng'ombe, makina ndili nawo pamiyendo ngati khanda. Babu la makina likapsa tinkadikira miyezi. Filimu nayo inakalamba, inkaduka pakati, ndipo guluu wake atasowa ndinkailumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa amayi anu, amene mpaka lero amati ndinawathera botolo la paukwati. Polumikiza paliponse pankatayika kachidutswa, choncho chaka ndi chaka Chisoti ankayenda modumphadumpha, ndipo pakamwa panga m'pamene pankadzaza mipatayo. Tinali ndi bwana watsopano, mayi wina wochokera ku Lusaka, wanzeru ndi wolimbikira, amene sankamvetsa chifukwa chake alimi a mkaka azionera zombo zouluka. Analamula kuti tisiye. Tinamvera, ndipo pa chionetsero chotsatira panabwera ana okhaokha ndi agalu awiri. Mayiyo sanali wouma mutu. Sabata yotsatira anatifunsa yekha ngati mipukutu ija tinaisunga bwino.

Koma kumene filimuyi inakondedwa kwambiri ndi ku Kanakantapa. Anthu a kumeneko anali atangopatsidwa minda, ochokera m'makomboni a m'tauni ndi m'madera osiyanasiyana, akugona m'misasa, akuzula zitsa ndi manja. Nkhani ya anthu osiya kwawo kukafuna nthaka yatsopano sinkafuna kumasulira kwambiri kwa iwo. Ankaidziwa pamtima, mpaka kunditsogolera mawu ndikachedwa. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anali ataionera kambirimbiri, chombo chikayamba kunyamuka amayi ankaimirira n'kumakuwira Chisoti kuti athamange akwere, ngati kuti mwina lero amva. Tsiku lina akuluakulu a m'deralo anandiitanira pambali, nandipempha mwaulemu wonse kuti ulendo uno ndinene kuti wakwerera kukhomo lakumbuyo, poti pachinsalu sipaoneka mbali imeneyo. Anandilonjeza nkhuku. Ndinakana, ngakhale nkhukuyo inali yonona ndipo kunyumba tinali titatopa ndi kapenta. Ba Eliya anandikalipira njira yonse yobwerera, ati ndine munthu wouma mtima ngati chitsa, koma pofika kunyumba anavomera kuti iwonso sakanafuna Chisoti wokwera mwakuba. Iwo ankafuna kuti anzake adzabwerere kudzamutenga masana, anthu onse akuona.

Mkangano wathu unkayenda nafe kulikonse. Tikatitimira m'matope, Ba Eliya ankati Chisoti akanatulukamo kale. Ine ndinkati akufa satulutsa galimoto m'matope. Ndinkawauza kuti kutsutsa galu n'kukumba, abweretse umboni. Iwo ankati umboni ndi nyali, ndipo nkhani inkathera pomwepo mpaka mawa lake. Kunena zoona, masiku amenewo ndinali wosangalala. Malipiro anali ochepa, msana unkapweteka ndi mabampu, koma palibe chokoma ngati kumva khamu lonse likuseka nthawi imodzi chifukwa cha mawu ako.

Kenaka kunabwera mavidiyo. Mnyamata aliyense wokhala ndi batire ndi kachipinda anatsegula kanema wake, ndipo galimoto yathu inaimikidwa kuseri kwa ofesi mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wa Ba Eliya. Ine anandiika kosunga katundu. Ba Eliya anapita kukayendetsa minibasi ya ku Lusaka, kenaka anabwerera kumunda wa makolo awo kufupi ndi boma. Mipukutu ija inanyowa ndi mvula m'chipinda chodontha n'kumatirirana, ndipo tinaitaya. Ndinamva chisoni ngati ndataya m'bale.

Zaka zaposachedwapa: nditapuma ntchito

Matenda a shuga anawalanda maso Ba Eliya pang'onopang'ono, mpaka anangotsala ndi kusiyanitsa usana ndi usiku. Ndinkawayendera Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, n'kuwapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamwendo. Thupi linatha, koma pakamwa panali pomwepo. Akamva njinga yanga ankayamba kufuula kuti mbewa zibisale, mlendo wafika.

Nkhani yakuti azungu akupanga chigawo chatsopano cha filimu ija ndinaimva kwa ometa tsitsi pamsika. Anandionetsa pafoni kachidutswa koitanira anthu. Munali moto, zombo zambirimbiri, nyimbo yogunda pachifuwa, ndipo kumapeto chipewa chachitsulo chili chokha pamchenga wofiira. Nkhope ya mwini wake sanaionetse. Sabata imeneyo sindinathe kugula tomato mwamtendere. Aliyense amene anakhalapo pansi pa chinsalu chathu ankandiimitsa, ngati kuti azunguwo amandifunsa ine nzeru. Ena anali ndi chimwemwe chenicheni, ati tsopano tidziwa. Ena ankapukusa mutu, ati eni ake oyamba anamwalira, awa angofuna ndalama, adzaiwononga. Mayi wina wogulitsa repu, amene ndinamudziwa ali kamtsikana ku Kanakantapa, anandiuza kuti iye sadzaionera n'komwe, chifukwa Chisoti wake ali bwino mmene alili m'mutu mwake. Achinyamata ankatiseka, ati filimu yakale ija ndi yogonetsa tulo, zombo zake zimachita kuoneka zingwe. Ine ndinali kumbali ya okayika. Ndinkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nditawafotokozera Ba Eliya za kachidutswako, ndinawonjeza mwadala kuti chipewa chopanda mutu ndi chizindikiro cha maliro. Iwo anati ndi chizindikiro cha kutentha, munthu wavula kuti apitidwe mphepo. Kuyambira tsikulo anasintha. Anayamba kudya bwino ndi kumwa mankhwala osakakamizidwa, ndipo Lamlungu lililonse ankandifunsa ngati yatuluka. Ankakonda kuyerekeza mmene Chisoti akuonekera tsopano. Ankati adzakhala nkhalamba ngati ife, wa imvi, woyenda ndi ndodo, wodandaula mawondo, koma wamoyo. Chimenechi ankachinena mobwerezabwereza, ndipo ndinaona kuti si nthabwala chabe. Munthu amene watsala yekha mumdima amafuna kumva kuti mnzake wotsala yekha anapirira.

Ku Lusaka sitikanapita, chifukwa m'nyumba za kanema za masiku ano salola munthu kulankhula, ndipo Ba Eliya popanda pakamwa panga akanangomva phokoso. Tinadikira miyezi mpaka iwe Esinati unatiuza kuti tsopano ikupezeka pa TV yolipira, ndipo unalonjeza kubweretsa TV yako ndi batire ya sola Loweruka masana. Lachisanu lake akazi a Ba Eliya, amake Rute, anabwera kwathu okha, chinthu chimene sanachitepo. Anakana mpando, nakhala pamphasa pafupi ndi amayi anu.

"Ba Mbewe, nipempako chabe chimozi," anatero. "Ngati bamupaya uja muntu wao, olo bamuononga, musabauze. Kambani vamene bafuna kumvela. Sibaona, bazaziba bwanji? Iyi filimu ndiye yabasunga chaka chino."

Ndinangoti tiona. Ndinamvetsa chimene ankaopa, ndipo nanenso ndinkachiopa. Koma ndinadziwanso kuti kale anthu akandikayikira ankatha kuyang'ana pachinsalu okha. Ba Eliya analibe chinsalu china koma ine. Kunamiza munthu woona ndi kuchenjera, koma kunamiza amene wakubwereka maso ndi kuba. Komabe ndinadzifunsa kuti choonadi cha filimu ya azungu n'chiyani poyerekeza ndi moyo wa mnzanga. Ndinafika Loweruka ndisanasankhe.

Tinatseka mawindo ndi zitenje. Iwe unalumikiza mawaya n'kupita kukathandiza kukhitchini. Ba Eliya anavala jekete lawo la kutchalitchi, ati sangalandire dalaivala mnzawo atavala zamunda. Amake Rute anakhala pakhomo, pamene ndinkawaona bwino. Ndinalibe maikolofoni, ndinangokokera mpando pafupi ndi khutu la mnzanga.

Ndivomere kuti poyamba ndinavutika. Mafilimu a masiku ano amathamanga ngati akuthawa ngongole. Usanamalize kunena kuti uyu walowa, watuluka kale ndipo nyumba yaphulika. Anthu ake anali achilendo, ana a ana a aja a m'chombo choyamba, okongola onse ngati osadya nsima. Koma pang'onopang'ono lilime linakumbukira ntchito yake. Ndinawapatsa mayina, mtsikana wolamula ndinamutcha Nyamazawo, mnyamata wamantha ndinamutcha Kalombo, ndipo Ba Eliya anayamba kuseka ndi kumenya ndodo pansi. Sinali filimu yoipa monga ndinkayembekezera, ngakhale phokoso linachuluka kuposa nkhani. Nthawi ndi nthawi ankandigwira bondo kufunsa ngati tafika ku mchenga wofiira, ine n'kumati tikadali m'njira.

Tinafikako filimu itapitirira theka. Chombo chinatera, ana aja anayenda pamchenga, napeza kanyumba komangidwa ndi zidutswa za makina. Chitseko chinatseguka ndipo munthu anatuluka.

"Ali moyo, Ba Eliya," ndinatero. "Mwawina."

Sanakuwe. Anangokweza chibwano, nagwira dzanja langa mwamphamvu. Amake Rute anaphimba nkhope ndi chitenje. Kenaka Ba Eliya anafunsa funso limene ndinkaliopa chitsegukireni chitseko chija.

"Aoneka shani manje? Ali na imvi?"

Pa TV panali mnyamata. Opanga filimu anagwiritsa ntchito makompyuta awo kumubwezera nkhope yake yakale, yosalala ngati ya chidole cha m'sitolo, tsitsi lakuda bii, msana wowongoka. Anapekanso chifukwa chake, ati kudziko limenelo nthawi siyenda. Zaka zonse zimene ife tinakalamba, iye sizinamukhudze. Ndinayang'ana kukhomo. Amake Rute anali kundigwedezera mutu kuti ndivomere, ndipo linali bodza laling'ono kwambiri, la liwu limodzi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilinene, koma dzanja la mnzanga linali likadali m'dzanja langa, ndipo ndinalephera.

"Alibe imvi, Ba Eliya. Bamupanga munyamata. Nkope ili monga mwamene tinamusiyila."

Anandisiya dzanja. Filimu inapitirira yokha popanda womasulira, ndipo ine ndinadziona ngati munthu woipa kwambiri m'boma lonse la Chongwe. Amake Rute sanandiyang'anenso. Ndinaganiza kuti ndaphera mnzanga chinthu chokhacho chimene chinkamudzutsa m'mawa, chifukwa cha lamulo la a Zimba, bwana amene anamwalira kalekale.

"Zaka zonse izi pa zuba, alibe olo imvi imozi?" anatero potsiriza. "Uyo si iye. Batenga muntu wina." Anatembenukira kukhomo. "Amake Rute, chosani mau yonse pa TV." Mayiwo anadzuka nachita zimenezo, m'nyumba munangoti zii. Ndipo Ba Eliya anasendeza khutu kwa ine. "Manje niuzeni imwe, Ba Mbewe. Niziba ati muzapanga chabe, ndine nakutumani. Segulani futi chiseko."

Ana anga, ine amene ndinakhala ndikumupha Chisoti kuyambira ndili mnyamata, tsiku limenelo ndinamuukitsa ndi pakamwa panga, ndipo sindinamve manyazi. Sindinayang'anenso pa TV. Ndinati chitseko chatseguka, watuluka mkulu wa imvi mutu wonse, msana wopindika, mano akutsogolo palibe, ovololo yake ndi zigamba zokhazokha. Ndinati ana aja akufuna kumugwira mkono koma wawakana, akuwakalipira kuti achedwa, ndipo akufunsa kuti anawaphunzitsa ndani kuimika chombo mopingasa chonchi. Ba Eliya ankavomera ndi mutu pa chilichonse, misozi ikutsika, akumwetulira. Kenaka anandidula mawu ndi liwu lotsika.

"Nanga menso?"

Ndinati maso anatha ndi dzuwa la kumeneko, saonanso. Koma chombo anachimva chikadali kutali, ana asanatere n'komwe, ndipo wawauza kale kuti injini ya kumanzere ikudumpha, asanyamuke asanaikonze.

Ba Eliya anaseka mpaka kutsokomola, napukuta nkhope ndi mkono wa jekete.

"Uyo ndiye dalaivala," anatero. "Pitilizani."

Ndinapitiriza mpaka batire inatha, ndipo palibe mmodzi wa ife anazindikira kuti TV yazima.